Abale ndithandizeni: ganyu ya m'makola a mahatchi, kodi malipiro ochepetsetsa a boma amandikhudza?

Membala wosatchula dzina

Moni nonse abale ndi alongo. A admin chonde dzina langa lisaoneke, chifukwa pagulu pano pali ondidziwa, ngakhale alamu anga amene anandipezera malowa ali momwe muno.

Ndili ku Joni kuno, mbali ya Midrand, kumapuloti komwe anthu amasunga mahatchi. Ndinayamba mu Febuluwale chaka chino cha 2025. Adona anandiuza poyambirira kuti iyi si ntchito ya pamwezi, ndi pisi basi. Khola limodzi ndikachotsa ndowe ndi utuchi wonyowa, n'kuyala wouma, ndi R15. Makola anga ndi 8, ndiye patsiku zimakwana R120. Amandipatsa pamanja Loweruka, palibe posaina, palibe kapepala. Koma kupatula makolawo ndimatsuka ndi kudzaza ndowa za madzi, kulonga udzu m'maneti, kutulutsa mahatchi kupita nawo kumpanda, kuwapesa, kuwachotsa timiyala m'ziboda, kukankha wilibala kukataya ndowe kudzala, ndi kuwafunditsa mabulangete kukamazizira. Zonsezi adona akuti zili m'kati mwa R15 yomweyo.

Mu Meyi hatchi ina yaikulu yofiirira inandiponda phazi, chikhadabo cha chala chachikulu chinazuka. Anandipatsa mapanado awiri ndi bandeji, m'mawa mwake ndinagwira ntchito ndikutsimphina. Mwana wawo wamkazi wa zaka ngati 14 amandiitana ndi mluzu, chishalo amangochiponya pansi kuti nditole ine. Galu wawo anandidyera ndiwo za masiku awiri, nditadandaula anangoseka. Ndimagona m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa makola, mulibe magetsi, ndipo Julayi uno madzi a m'ndowa akumachita kuuma gwaa m'mawa. Nditapempha kuti awonjezereko pang'ono anandiyankha kuti kanyumbako atati achititse lendi ndi R1,500, ndiye ndizithokoza. Alamu anga nawonso mwezi ndi mwezi amafuna R200 akuti ya "kukupezera malo". Kunyumba ku Balaka mayi a ana akuimba foni daily, fizi ya mwana wa Fomu 2 ndi ndalama ya feteleza, akuganiza kuti ndikudya ndekha kuno.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene amagwira papuloti yoyandikana nayo wandiuza kuti pali minimum wage, malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa. Funso langa ndi lakuti, kodi zimenezi zimakhudzanso ife a pisi? Kapena ndi za okhawo olembedwa ntchito ndi kontilakiti? Musandinyoze chonde, sukulu ndinalekezera Sitandade 8.

Madala a ku Diepsloot

ACHIMWENE KHALANI PANSI MUNDIMVERE INE. Dziko lino ndinalowa mu 2006. Zipolowe zothamangitsa alendo za mu Meyi 2008 zija, zitayambira ku Alexandra, ndinaziona ndi maso angawa, sindinachite kumva pa wailesi. Ndagwirapo m'magaladeni, m'makola a nkhuku, pa konsitirakishoni. GANYU NDI GANYU. Munagwirizana R15, akukupatsani R15, wakuberani ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pageti pomwepo pali anyamata khumi akudikira kuti inu muchoke alowe iwo.

Mayi a Tadala

Pepani ndi phazilo achimwene. Koma mwalemba zonse mpaka za galu, chofunika chenicheni simunanene. Mumayamba nthawi yanji, mumaweruka nthawi yanji, masiku angati pasabata?

Mjomba wa Nsomba

Hatchi ili ndi bulangete, inu mulibe magetsi kkkk. Pemphani khola la nambala 9 muzigona momwemo, mwina n'kofundako.

Mayi a Tadala

Mjomba munthu akulira inu mukuseka. Tsiku lina zidzakhala zanu.

Bambo a Mphatso

Ine ndine shop steward, woimira antchito m'yuniyoni, pa kampani ina ku Germiston, ndiye izi timakumana nazo. Madala mwalakwitsa. Lamulo la National Minimum Wage Act linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, poyamba inali R20 pa ola. Pa 1 Malichi 2025 inakwera kufika pa R28.79 pa ola. Lamuloli silifunsa ngati muli ndi kontilakiti yolemba kapena ayi. Limanena za munthu aliyense wogwirira ntchito mnzake n'kumalandirapo malipiro. Ndipo limanenetsa kuti ngati munthu akulipidwa potengera ntchito imene wamaliza, osati maola, ndalamayo isachepere pa imene akanalandira powerengera maola amene wagwira. Kulipira pa khola n'kololedwa, koma mukagawa ndalama ya tsikulo ndi maola, yankho lisatsike pa R28.79.

Madala a ku Diepsloot

A shop steward inu muli ndi ID, muli ndi yuniyoni, mumalandirira ku banki. MUSAPUSITSE MWANAYU. Malamulo amenewo analembera eni dziko. Mlendo ndi mame. Ine mu 2011 ndinkagwira kwa mzungu wina ku Fourways, mnzanga anayamba zomwezi za malamulo, Lolemba lake tonse awiri tinapeza geti lokhoma, katundu wathu ali m'mapepala akuda panja. Ine sindinalankhule kanthu koma ndinavutikira limodzi. Miyezi itatu ndikugona pa khonde la mbale wanga, ana kumudzi anasiya sukulu temu yonse. Lamulo linandigulira ufa?

Bambo a Mphatso

Zimene zinakuchitikirani n'zowawa madala, sindikutsutsa. Koma mu 2011 lamulo limeneli kunalibe. Ndipo munthu wafunsa ngati lamulo likumukhudza. Yankho ndi eya. Zoti achite nalo chiyani asankha yekha, koma asankhe akudziwa.

Achemwali a ku Manchester

Mavuto amenewa ali ponseponse. Kuno ku UK mu Epulo 2025 anakhazikitsa kuti wa zaka 21 kupita m'mwamba asalandire zochepera £12.21 pa ola, koma m'makola a mahatchi atsikana ambiri amawagwiritsa ntchito n'kumawauza kuti malipiro awo ndi kukwera hatchi mwaulere. Ine ndimagwira ya care, kampani yanga yoyamba sinkawerengera nthawi imene ndili pamsewu kuchoka kwa gogo wina kupita kwa wina. Ndinkatuluka m'nyumba 6 m'mawa kubwera 9 usiku, pa payslip n'kulemba maola 7. Ndinalira chaka chonse, ndipo abale kumudzi akamva kuti uli ku UK amangoti ndalama ukuchita kutola.

Madala a ku Diepsloot

Achemwali za mapaundi zikulowa bwanji apa? Kumeneko kulibe Lindela, kumene amatsekerako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Achemwali a ku Manchester

Ndikungonena kuti kubera wantchito kulibe dziko. Bwanji mumalusira aliyense madala?

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse amene mwayankha. Mayi a Tadala, ndimadzuka mdima usanathe, 6 koloko ndimakhala ndili kale m'khola. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti mnyamata wina amene amangoyendetsa mahatchi a ana Loweruka amapatsidwa R100 ndi makolo a anawo pa maola awiri okha, ine wa ndowe palibe amandiona. Ndipo nsapato za jombo ndinagula ndekha R180.

Mayi a Tadala

Achimwene kuyamba mwanena. KUWERUKA?

Mnyamata wa ku Durban

Ine ndinagwirapo ugulumu, ntchito yosamalira mahatchi, zaka zinayi kufupi ndi Summerveld, kwa mahatchi a mpikisano. Ndikuuzeni zoona, khola limodzi ngati hatchi yake ndi yaukhondo ndi mphindi 15 kapena 20. Koma pali ena amapondaponda ndowe n'kusakaniza ndi utuchi wonse, amenewo theka la ola silikwana. Makola 8 munthu wozolowera amamaliza m'maola atatu. Ndiye adonawo akawerengera makola okha aziti akulipira bwino. Pamene akukudyerani ndi pa zinazo: madzi, maneti, kupesa, ziboda, mabulangete. Imeneyo si pisi ya khola, ndi ntchito yonse ya gulumu. Ine ndinasiya chifukwa cha msana, mpaka lero sinditha kunyamula thumba la simenti.

Bambo a Mphatso

N'chifukwa chake funso la Mayi a Tadala lili lofunika. Tawerengani: R120 kugawa ndi R28.79 ndi maola anayi ndi mphindi khumi. Ngati achimwenewa amamaliza zonse pofika 10 koloko n'kukhala omasuka tsiku lonse, adona sakuphwanya lamulo la minimum wage. Ngati amapitirira pamenepo, ola lililonse lowonjezera akugwira ulele. Popanda maola palibe amene angakuyankheni, ngakhale a CCMA, bungwe lomva madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana, funso lawo loyamba lidzakhala lomweli.

Mtumiki wa Uthenga

M'bale, nkhondo imeneyi si ya thupi ndi mwazi. Salani kudya masiku atatu, Mulungu afewetsa mtima wa bwana wanu. Yosefe anayambira m'dzenje.

Mayi a Tadala

Abusa pempherani, koma Baibulo lomwelo limati wantchito ayenera malipiro ake. Munthu akukankha wilibala ndi R120 mukumuuza asale kudya?

Madala a ku Diepsloot

Vuto la ana a masiku ano ndi limeneli. Mwafika dzulo mukufuna kale payslip, mukufuna magetsi, mukufuna galu wa bwana akupepeseni. IFE TINKAGONA ANTHU 7 M'CHIPINDA CHIMODZI KU HILLBROW. Ndamanga nyumba ya malata kwathu ku Mzimba ndi ndalama ya ganyu yomweyo, sindinapondeko ku CCMA ngakhale kamodzi. Kumudzi mukagwira ganyu yopalira mumalipidwa pa ndime, mwini munda amakufunsani maola? Mukachedwa ndi ulesi wanu. Ukayenda siya phazi, osati mlomo. Mukachita mwano pamenepo mutsekera Amalawi ena onse amene akanalembedwa papuloti imeneyo.

Nachisale

Madala ganyu ya ndime mumayamba nthawi imene mwafuna, khasu ndi lanu, mukatopa mumapita kwanu, mawa mukhoza kukalima kwa wina. Mbale wathuyu amagona pomwepo, wilibala ndi fosholo ndi za adona, nthawi yoyambira anamuikira ndi adona, ndipo sangapite kwina hatchi zisanadye. Kodi imeneyo ndi ganyu? Dzina lokha ndiye la ganyu.

Bambo a Mphatso

Nachisale mwalasa. Malamulo a ntchito kuno amayang'ana zimenezo: ndani amalamula kagwiridwe ka ntchito, ndani amaika maola, zipangizo ndi za ndani, kodi munthuyo amadalira bwana mmodzi yekhayo. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikapezeka, kwa munthu wa malipiro otsika ngati awa, amamutenga ngati wantchito mpaka bwanayo abweretse umboni wotsutsa.

Transport Joni–Blantyre

Amene muli ndi katundu wopita Blantyre, Balaka, Mangochi, Lilongwe tikunyamuka Lachisanu. Mafiriji, mabedi, njinga timanyamula. Inbox.

Admin

Zamalonda ndi Lachitatu lokha. Tikuchenjezani komaliza.

Mayi a Tadala

Popeza madala akuopseza anthu, ndinene zanga. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Abwana anga akale ankandipatsa R2,500 pamwezi, Lolemba mpaka Loweruka, akuti chifukwa ndimadya kwawo. Kuyambira mu 2022 ife a m'nyumba tinafanana ndi ena onse pa minimum wage, a m'mafamu anafanana nawo mu 2021. Ndinapita ku CCMA, sindinalipire ngakhale senti, ndinalemba fomu, tinaitanidwa tonse awiri. Chimene chinandipulumutsa ndi kope la mwana wanga la sukulu momwe ndinkalemba tsiku, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi ndalama imene ndalandira. Ndi ma WhatsApp awo ondiuza kuti ndibwere msanga. Tinagwirizana pomwepo, anandilipira m'magawo atatu. Ntchito inatha, zoona, ndipo miyezi iwiri ndinavutika. Koma ndikanakhala chete ndikanakhala ndikulandirabe R2,500. Achimwene gulani kope lero. Jambulani makola mukamayamba ndi mukamamaliza, foni imasunga nthawi yokha.

Madala a ku Diepsloot

MWAMVA? "NTCHITO INATHA." Mwadzinenera nokha mayi. Ndipo inu munali ndi mapepala. Tamufunsani mwanayu ngati pasipoti yake ili ndi masiku.

Nachisale

Zimenezo asayankhe pagulu. Anthu 80,000 muno, mukudziwa onse ndi ndani?

Bambo a Mphatso

Asayankhe ndithu. Koma poti mwaitchula: mu 2008 Labour Court, khoti la nkhani za ntchito, inagamula pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA kuti mlendo amene pemiti yake sinali bwino ndi wantchito ndithu, ndipo dandaulo lake limveke. Izi sizikutanthauza kuti nkhani ya mapepala yatha, imeneyo ndi ya Home Affairs ndipo imayenda payokha, munthu aiganizire bwino. Koma dziwaninso kuti bwana wolemba ntchito munthu wopanda pemiti nayenso walakwira lamulo. Ambiri amene amaopseza kuti "ndikuitanira apolisi" amadziwa zimenezi.

Mnyamata wa ku Durban

Palibe wanenapo za phazi. Kuvulala pantchito kuli ndi thumba lake la chipukuta misozi, Compensation Fund, ndipo bwana ndiye amayenera kukanena za ngoziyo. Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu 500 kapena kuposa. Mnzanga wina anamenyedwa theche pachifuwa, anamubweza kwawo ndi tikiti ya basi basi. Jombo zapulasitiki sizithandiza pamenepo, pamafunika nsapato zachitsulo kutsogolo, ndipo wogula ndi bwana. Komanso achimwene musamaime kumbuyo kwenikweni, ndipo mukamanyamula chiboda phazi lanu lizikhala pambali.

Mlongo wa ku Pretoria

Ine chandikwiyitsa ndi alamuwo. R200 mwezi uliwonse kuyambira Febuluwale? Timadandaula azungu koma Amalawi tokhatokha timadyerana. Ine mayi anga aang'ono enieni anandilanda malipiro a mwezi woyamba onse akuti ya thiransipoti ndi malo ogona, pamene ya basi ndinagulitsa mbuzi zanga. Mpaka lero sitilankhulana.

Madala a ku Diepsloot

Wokupezera ntchito amathokozedwa, ndi mwambo. Enanu munaleredwa kuti?

Mlongo wa ku Pretoria

Kuthokoza ndi kamodzi madala. Mwezi ndi mwezi ndi msonkho.

Nachisale

Za kanyumba ka R1,500 bwanji a shop steward? Pamenepo ndi pamene adona akubisala.

Bambo a Mphatso

Lamulo la minimum wage silimawerengera malo ogona, chakudya, matipu kapena mphatso ngati gawo la malipiro. R28.79 ndi ndalama. Pamene pali mpata ndi pa malamulo apadera, monga a ogwira ntchito m'mafamu: kumeneko bwana akhoza kudula chifukwa cha nyumba, koma osapitirira 10% ya malipiro, ndipo nyumbayo ikhale ya denga losadontha, mawindo agalasi otseguka, madzi abwino ndi chimbudzi pafupi, magetsi ngati pafamupo alipo, kukula kwake kosachepera masikweya mita 30. Kanyumba ka matabwa kopanda magetsi kuseri kwa khola sikangakwane pamenepo, ndipo R1,500 ndi kutali kwambiri ndi 10% ya zimene akulandira.

Membala wosatchula dzina

Pepani ndinali kumakola, netiweki kumeneko imavuta. Ndimayamba 6 mpaka 11. Kenako ndimapuma. 3 koloko ndimayambanso kulowetsa mahatchi, chakudya chamadzulo, madzi, mabulangete, mpaka hafu pasiti 5. Lolemba mpaka Loweruka. Lamlungu makola sinditsuka ndiye sindilandira kanthu, ndimangowapatsa chakudya m'mawa ndi madzulo poti ndimagona pomwepo. Sindinaganize kuti zimenezi n'zofunika, ndimaona ngati nkhani ndi ya kontilakiti.

Mayi a Tadala

Mayo ine. Mpaka Lamlungu ulele?

Bambo a Mphatso

Tsopano tikulankhula. Maola 5 m'mawa, awiri ndi theka madzulo, ndi 7 ndi theka patsiku. Nthawi yopuma masana siwerengedwa poti mumagona pamalo pomwepo. 7.5 kuchulukitsa ndi R28.79 ndi R215.93. Mukulandira R120. Tsiku lililonse akukusiyirani ngongole ya R95.93, pasabata ya masiku 6 ndi R575 ndi masenti. Masabata 20 okha yadutsa kale R11,000. Ndisanawerengere Lamlungu. Lamulo limati tsiku limene munthu wagwira maola ochepera anayi alipidwe a maola anayi, ndipo Lamlungu lili ndi mtengo wake, kamodzi ndi theka kwa amene amagwira Lamlungu nthawi zonse. Muyeneranso kupuma maola 36 otsatizana sabata iliyonse. Njira zilipo ziwiri: ku labour centre ya Department of Employment and Labour kuti atumize inspector, kapena ku CCMA kukatula dandaulo la ndalama zimene sanakulipireni. Akakuchotsani ntchito chifukwa chofunsa, musachedwe, dandaulo la kuchotsedwa limafunika lifike ku CCMA pasanathe masiku 30.

Mnyamata wa ku Durban

Musanapite kulikonse yambani mwafufuza malo ena mwakachetechete. Wodziwa kugwira hatchi sasowa ntchito mbali ya Kyalami, mufunseni mnzanu wa ku Zimbabwe uja. Ndipo pezani pogona kaye, chifukwa tsiku limene mudzatsegule pakamwa kanyumbako kadzafunidwa.

Madala a ku Diepsloot

R11,000 YA PA FONI. Muione m'manja kaye. Ine ndanena, ndipo ndidzakhala pano pomwe mudzabwerenso kudzapempha malo ogona. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere. Zaka 19 m'dziko lino sindinagonepo m'selo, mukuganiza kuti ndi mwayi? Ndi pakamwa. A shop steward mudzamusunga inu mwanayu? Mayi a Tadala mudzamutumizira fizi ya mwana wake?

Nachisale

Madala ndemanga 7 nokha, mwamuthandiza chiyani munthuyu kupatula kumuopseza?

Madala a ku Diepsloot

NDAMUUZA ZOONA.

Membala wosatchula dzina

Musakangane chifukwa cha ine. Madala ndamva, mantha amene mukunenawo ndili nawo, usiku sindigona. Bambo a Mphatso ndakopera masamu anu papepala. Kope ndigula Loweruka ndikalandira. Ndikuganiza zoyamba ndawaonetsa adona pepalalo mwaulemu, mwina sakudziwa kuti ndimagwira maola ochuluka chonchi poti iwo amabwera 9 koloko. Koma Chingerezi changa n'chochepa, alipo angandilembereko mawu oti ndiwatumizire pa WhatsApp, osawakwiyitsa? Ndiponso za R200 ija, ndiwauze bwanji alamu popanda nkhani kufika kwa akazi anga?

Bambo a Chifundo

Alamu, Midrand, makola 8, Balaka, chikhadabo. Ndakuzindikirani. Yankhani foni.